Mafupa amalimba mukawasenzetsa katundu: zomwe mungachite kuti asamathyoke chisawawa

Anthu ambiri akamva zolimbitsa mafupa amangoganiza za mkaka basi, koma kashiamu, mchere womanga mafupa wopezeka mu mkakawo, payekha sangakupatseni fupa lolimba. Fupa ndi lamoyo, mkati mwake muli maselo ena omwe amaligumula pang'onopang'ono ndi ena omwe amamanganso, ndipo chomwe chimauza omanga aja kuti apa onjezerani ndi kulemera komwe fupalo likusenza. Dokotala wina wa ku Germany, Julius Wolff, analemba zimenezi kale mu 1892, ndipo mpaka pano ofufuza akungotsimikiza zomwezo. Osewera tenisi, fupa la mkono omwe amamenyera mpira limakhala lonenepa kuposa la mkono winawo, munthu yemweyo, chakudya chimodzimodzi. Pomwe anthu okhala mumlengalenga ku International Space Station, komwe thupi sililemera, amataya 1 peresenti kapena kuposerapo ya mphamvu ya mafupa a m'chiuno ndi msana mwezi uliwonse olo akudya bwino.

Ndiye choyamba, lisenzetseni katundu fupalo. Koma apa pali kanthu kamene ambiri sakadziwa, fupa silifuna ntchito yaitali, limafuna kudzidzimutsidwa. Mu 1984 ofufuza awiri, Rubin ndi Lanyon, anayesa pa fupa la phiko la atambala, ankalipanikiza ndi makina tsiku lililonse, ndiye anapeza zoti kupanikiza ka 36 pa tsiku kunkamanga fupa chimodzimodzi ndi kupanikiza kambirimbiri, kutanthauza kuti maselo aja akamva uthenga amva basi, kubwerezabwereza sikuonjezera kanthu. Nchifukwa chake kudumpha chingwe kwa mphindi zochepa, kukwera masitepe mwachangu, kuthamanga mokhotakhota ngati pa mpira, kunjuta mutanyamula zitsulo kapena chilichonse cholemera, zimathandiza mafupa kuposa kuyenda pang'onopang'ono tsiku lonse. Kusambira ndi kupalasa njinga nzabwino ku mtima, osazisiya, koma ku mafupa sizichita zambiri poti madzi ndi chishalo ndi zomwe zimakunyamulirani thupi.

Yambani ndi zochepa, mwina kudumpha ka 10 kapena 20 m'mawa ndi madzulo, kenako muzionjezera. Kugawa chonchi nkwabwino kuposa kupanga zonse nthawi imodzi chifukwa maselo aja akapuma maola angapo amayambanso kumva. Ndipo musati ndakula ine zimenezi nza achinyamata. Ku Australia kunachitika kafukufuku wotchedwa LIFTMOR, amayi oti anasiya kusamba komanso mafupa awo anali atayamba kale kuchepa mphamvu ankanyamula zitsulo zolemera ndithu kawiri pa sabata, mphindi 30 zokha, kwa miyezi 8 moyang'aniridwa ndi akatswiri, ndipo mafupa a msana anaonjezera mphamvu pomwe anzawo omwe ankapanga zofewa kunyumba anapitiriza kutaya. Mawu oti moyang'aniridwawo musawadumphe chonde. Ngati adokotala anakuuzani kale kuti muli ndi osteoporosis, matenda ofooketsa mafupa mpaka kumathyoka msanga, kapena munathyokapo msana, musayambe nokha kudumpha, komanso pewani kuwerama kutsogolo kwinaku mukupotokola thupi mutanyamula chinthu, pamenepo ndi pomwe timafupa ta msana timaphwanyika. Pindani mawondo, msana ukhale wowongoka, katundu akhale pafupi ndi mimba.

Kwa makolo, nthawi yabwino kwambiri yomanga mafupa ndi ya ubwana mpaka unyamata, pofika zaka za m'ma 30 munthu amakhala wafika pachimake ndipo zotsatira ndi kungosunga zomwe unamanga. Ana azisewera panja, azidumpha, azithamanga. Fupa lalitali lili ngati nsungwi, mkati mwake muli mphako, ndiye likangokula pang'ono m'mimba mwake limavuta kwambiri kulipinda, ndipo kukula kumeneko kumatheka bwino mwana akadali kukula.

Zakudya ndinene mwachidule. Munthu wamkulu amafunika kashiamu pafupifupi mamiligalamu 1,000 pa tsiku, kuchokera mu mkaka, nsomba zing'onozing'ono zodyera limodzi ndi minga, masamba obiriwira ndi nyemba. Vitamini D, yemwe amathandiza matumbo kuyamwa kashiamuyo, khungu limapanga lokha likaombedwa ndi dzuwa. Zakudya zomanga thupi nazonso nzofunika poti gawo lina la fupa ndi kolajeni, ndi amene amalipangitsa kuti lizitha kupindika pang'ono osangoti phwa. Fodya siyani, mowa chepetsani, ndipo kuonda kwambiri nakonso kumafooketsa mafupa.

Tsopano mbali yomwe ine ndimaona kuti anthu amainyozera kwambiri ndi ya kugwa. Fupa limathyoka pamene mphamvu yolimenya yaposa yomwe lingapirire, ndiye mbali zake ndi ziwiri, osati imodzi. Fupa limapirira kwambiri kupanikizidwa motsatira utali wake, koma kupindidwa kapena kupotokoledwa limalephera msanga. Taonani khosi la fupa la ntchafu, kachigawo kopendekera kaja komwe kamalowa m'chiuno. Tikamayenda, mbali yake ya m'munsi ndi yomwe imasenza thupi ndiye imakhalabe yokhuthala mpaka ukalamba, pomwe ya m'mwamba siigwira ntchito kwambiri ndiye imapyapyala chaka ndi chaka. Munthu akagwa chammbali n'kumenyetsa chiuno pansi, mphamvu yonse imatembenuka n'kupita ku mbali yopyapyala ija yomwe sinazolowere, basi fupa lathyoka, agogo oti dzulo amayenda okha lero akufunika opaleshoni ndipo ambiri sabwereranso mwakale. Ndiye ngati muli ndi achikulire pakhomo, kanjira kopita kuchimbudzi usiku kakhale kowala, mawaya ndi timakapeti toterereka chotsani, nsapato zikhale zogwira chidendene osati zongokwekwereza, maso akayezetse, ndipo akamadzuka pabedi ayambe akhala kaye tsonga kanthawi chifukwa mankhwala ena a BP ndi ogonetsa amabweretsa chizungulire. Kuima ndi mwendo umodzi atagwira mpando, kudzuka pampando osagwira ndi manja kangapo motsatizana, tizinthu timeneti tikachitika tsiku ndi tsiku timachepetsa kugwa.

Nanga mungadziwe bwanji kuti mafupa anu afooka, poti sapweteka mpaka atathyoka? Ngati munathyoka dzanja, chiuno kapena phewa chifukwa chongogwa muli chiimire, chimenecho ndi chizindikiro kale, musangomangitsa pulasitala n'kuiwala. Chimodzimodzi ngati mwafupika ndi masentimita 4 kapena kuposa poyerekeza ndi msinkhu wanu wa paunyamata, kapena msana wayamba kupindika, ngati mayi kapena bambo anu anathyokapo chiuno, ngati munasiya kusamba msanga musanafike zaka 45, kapena mwamwa mankhwala ochepetsa kutupa ngati prednisolone kwa miyezi 3 kapena kuposa. Mankhwalawo musasiye panokha, kambiranani ndi adokotala. Pemphani sikani yotchedwa DXA, imayeza chiuno ndi msana mosapweteka n'kutulutsa nambala yotchedwa T-score, ndipo malinga ndi muyezo wa WHO wa mu 1994, kuyambira -2.5 kutsika ndi osteoporosis, pakati pa -1 ndi -2.5 ndiye kuti ayamba kuchepa mphamvu. Komwe makinawo kulibe, adokotala atha kugwiritsa ntchito njira yowerengera chiopsezo chothyoka fupa yotchedwa FRAX, yomwe inapangidwa ku yunivesite ya Sheffield mu 2008, amalowetsamo zaka zanu, sikelo, msinkhu ndi zinthu ndatchulazi pa kompyuta n'kuona mpata woti muthyoke fupa m'zaka 10 zikubwerazi. Ukapezeka waukulu alipo mankhwala monga alendronate, omwa kamodzi pa sabata m'mawa musanadye kanthu ndi kapu yodzadza ya madzi, ndipo mukamwa musagone kwa mphindi 30 kuti asakupsetseni kummero.