Kuona Rome tsiku limodzi sitima ikaima ku Civitavecchia

Mwafunsa ngati tsiku limodzi lingakwane kuona Rome sitima yapamadzi ikakocheza pa doko la Civitavecchia ku Italy. Lingakwane, bola mulawirire.

Musanatsike, lembani nthawi imene aliyense ayenera kukhala atabwerera. Mukapita panokha n'kuchedwa, sitima sikudikirani. Imadikira okhawo amene apita pa ulendo wokonzedwa ndi kampani yake.

Mukatsika, kwerani basi yotulutsa anthu padoko, kenako lunjikani ku siteshoni ya sitima yapamtunda. Rome ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ngati tikiti yanu ndi yapepala, idinditseni pa kamakina ka pasiteshoni musanakwere, apo ayi akulipiritsani chindapusa.

Ngati mtima uli ku Vatican, tsikirani pa siteshoni ya Roma San Pietro, osadikira kufika ku Termini, siteshoni yaikulu ya mu Rome. Kulowa m'tchalitchi cha St Peter's n'kwaulere, koma mzere wake umatalika, ndipo mapewa ndi mawondo ayenera kuphimbika. Amayi, chitenje m'chikwama chikupulumutsani pamenepa.

Ofuna kukaona Colosseum, bwalo lamasewera lakale la Aroma, aguliretu tikiti pa intaneti kudakali masiku. Ine ndikuti sankhani chimodzi, Vatican kapena Colosseum, musathamangire zonse. Nthawi yotsalayo yendani wapansi kuchokera ku kachisi wakale wa Pantheon kukafika pa kasupe wa Trevi, chikwama chili kutsogolo chifukwa opisa m'matumba amakonda pamene pali chikhamu.

Pobwerera, konzani zokafika padoko kutatsala maola 2 kuti nthawi imene munalemba ija ikwane.