Momwe mungaphunzitsire timu ya m'dera kuti isamamwetsedwe zigoli zopusa

Ku Ndirande, Bangwe, Mbayani kapena Zingwangwa, anyamata odziwa kuchenya sasowa. Imene imasowa ndi timu yoti ikalandidwa mpira, aliyense adziwe kothamangira. Ngati anzanu akusankhani kukhala kochi, kaya ndi timu ya sosho kaya yolowa mabonanza, yambani chonchi.

1. Masiku a tireningi asamasinthe

Masiku awiri pa sabata akwana, mwina Lachiwiri ndi Lachinayi, ola limodzi ndi theka. Osewera anu ambiri ndi akabaza, ogulitsa mumsika, ena amaweruka ku Makata kapena ku Chirimba atatopa kale. Mu June ndi July mdima umagwa 6 koloko isanakwane, ndiye muziyamba msanga. Lamulo likhale limodzi: amene sanabwere ku tireningi sayamba Loweruka, ngakhale akhale womwetsa zigoli wanu. Mukamulekerera kamodzi, Lachiwiri lotsatira mudzapezeka pabwalo inu ndi goloboyi basi. Ngati bwalo ndi la sukulu, kapempheni kwa ahedi, osati kwa alonda.

2. Zipangizo

Mipira itatu ya saizi 5, pampu, wezulo, ndi mabotolo apulasitiki odzaza mchenga m'malo mwa makoni. Majezi a mitundu iwiri mukawapeza pa kaunjika. Chenjerani ndi mipira yonyezimira imene ena amayenda nayo m'misewu ya ku Limbe, yolembedwa mayina a makampani otchuka. Yambiri ndi yomata ndi guluu, ndipo pa mabwalo athu a timiyala sichedwa kusupuka. Gulani wosoka. Wogulitsa aupope inu muli pomwepo, mupake malovu polowera mpweya; pakachita thovu, usiyeni. Mtengo umene munamva mwezi watha musaudalire, funsani malo angapo. Ndalama za msonkhamsonkha zizipita pa Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma, osati ya kochi, kuopa miseche.

3. Kutenthetsa thupi

Makochi ambiri amathamangitsa anyamata kuzungulira bwalo mpaka malilime panja. Ine ndimaona ngati n'kutaya nthawi. Mphindi 10 zothamanga pang'onopang'ono ndi kudzinyolola zakwana, kenako mpira pansi: anayi kunja, mmodzi pakati, aliyense kukhudza kawiri kokha. Wotaya mpira alowe pakati. Mphamvu adzazipeza m'masewero a anthu asanu mbali iliyonse pa kabwalo kakang'ono, pomwe palibe wobisala.

4. Mpira ukatayika

Apa ndi pamene timu yathu inaonera zakuda. Pa bonanza ina tinkamwetsedwa chigoli cha mtundu umodzimodzi gemu iliyonse. Tili kutsogolo, otchinga a m'mbali onse awiri akwera, mpira walandidwa, adani angoumenya wautali kamodzi, sitiraika wawo ali yekha ndi goloboyi. Chinanso, achimwene ena achikulire amene ankatchinga pakati ankatsalira kufupi ndi golo poopa liwiro la anyamata, ndiye anzawo akakwera, iwo ankasiya adani onse ali bwinobwino, ofusayidi osagwira.

Kukalipa sikunathandize. Chinathandiza ndi chingwe choyanikira zovala. Otchinga anayi aime mzere atagwira chingwe chimodzi, motalikirana mapazi khumi. Inu tengani mpira muziyenda nawo, kumanja, kumanzere, kutsogolo, kumbuyo. Iwo azisuntha onse pamodzi. Wina akatsalira, chingwe chimamukoka, ndipo safunikanso kuuzidwa. Akazolowera, chotsani chingwe muike adani enieni anayi, kenako asanu ndi mmodzi.

Aphunzitseni kuyang'ana amene ali ndi mpira, osati mpira wokha. Akakhala kuti palibe womupanikiza ndipo wayang'ana ku golo kwanu, mzere wonse ubwerere, chifukwa mpira wautali ukubwera. Akatembenuka kapena kubweza mpira kumbuyo, mzere ukwere. Wolamula akhale mmodzi, ndipo mawu akhale awiri okha: "Tulukani!" ndi "Bwererani!" Ife udindo umenewu tinawapatsa achimwene aja. Miyendo inali itapita koma maso ndi mawu anali nazo, ndipo munthu amene akulamula mzere sangatsalirenso kumbuyo kwake.

Otchinga a m'mbali asamakwere onse nthawi imodzi. Wakumanja akapita, wakumanzere atsale. Mpira ukalandidwa, amene ali pafupi athamangire mdaniyo kuti amuchedwetse, osati kudziponya pansi. Ena onse athamangire pakati kaye, chifukwa golo ili pakati, osati m'mbali.

Kumbukiraninso kuti pa mabonanza ambiri woyimbira alibe omuthandiza a mbendera. Difenda woima n'kukweza dzanja, kudikira ofusayidi, akupereka chigoli chaulere. Asewere mpaka wezulo ilire. Ndipo ambiri sadziwa kuti wolandira mpira woponya ndi manja, wa kona kapena woyambira ku golo sakhala pa ofusayidi. Auzeni lero, asakamvere kwa woyimbira chigoli chitalowa.

Anyamata amadandaula kuti zimenezi sizikoma. Ndimawakumbutsa za mu January 2010 ku Luanda, pamene Flames ya Kinnah Phiri inathibula Algeria 3-0, timu imene chaka chomwecho inakasewera World Cup. Anthu amatchula zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, koma ine ndimati ayang'anenso ziro ya Algeria. Ena amafuna kumenya ali kutali ngati mmene Gabadinho Mhango anachitira ndi Morocco ku Cameroon mu 2022. Chigoli chija chinali chokoma, inde, koma ayambe aphunzira kupatsa mnzawo amene ali pamphuno.

5. Kaimidwe pabwalo

Yambani ndi 4-4-2 (otchinga anayi, apakati anayi, akutsogolo awiri), zinazo zisiyireni a Bullets ndi Manoma. Jambulani bwalo padothi, zitsekerero za mabotolo zikhale osewera. M'malo mowauza zonse, funsani: "Mpira uli apa, iwe mphwanga uima pati?" Alekeni atsutsane okha. Zimene atsutsana sadzaiwala.

6. Makona ndi mafulikiki

Mphindi 15 Lachinayi lililonse. Aliyense adziwe womugwira, mmodzi aime pa mtengo wa golo wapafupi, awiri othamanga atsale kutsogolo.

7. Tsiku la gemu

Mayina a oyamba gemu muwatchule Lachinayi. Madzi okwanira, bandeji ndi ndalama ya minibasi yobwerera zikhale m'chikwama. Pa hafu nenani zinthu ziwiri zokha. Mukafuna pepala la ukochi, kafunseni ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ku Chiwembe za maphunziro awo. Za kulowa ligi, kaonaneni ndi a Southern Region Football Association.