Momwe ndinakonzera ACL yomwe inkatsekereza DHCP

Mu ofesi yathu ya pa Cairo Road ku Lusaka ndinaika ACL 110 (mndandanda wa malamulo ololeza kapena kukana mapaketi a data) pa switch ya Cisco (chipangizo cholumikiza makompyuta pa netiweki) kuti makompyuta a alendo asamafike pa seva ya malipiro. M'mawa mwake makompyuta a pa VLAN ya alendo (gawo lawo la netiweki) sanalandire maadilesi a IP, zomwe zinandidetsa nkhawa kwambiri.

Ndinali nditaiwala kuti ACL iliyonse imathera ndi lamulo losaoneka lokana chilichonse chomwe sichinaloledwe. Ine ndinaloleza maadilesi a VLAN okha, pomwe kompyuta yopempha adilesi kudzera pa DHCP (njira yogawira makompyuta maadilesi a IP) imayamba ndi adilesi ya 0.0.0.0, motero pempho lake linkatayidwa. Ndinawonjezera mzere wololeza mapaketi a UDP (mtundu womwe DHCP imagwiritsa ntchito) opita pa port 67 (khomo lomwe seva ya DHCP imalandirira mapempho) pamwamba penipeni, popeza switch imawerenga malamulo kuyambira pamwamba n'kuima pa loyamba logwirizana. Nditalemba show access-lists kuti switch indionetse malamulo a ACL, ndinaona mzerewo ukuwerenga mapaketi, ndipo maadilesi anabwerera.