Thirela yakale ya boti, yambani ndi mabeyaringi osati penti

Amene mwagula thirela yakale yokokera boti musathamangire kupenta, onani kaye kumatayala. Ikwezeni pa jeke, zungulitsani tayala ndi dzanja kenako ligwedezeni, likamalira kuti khoro khoro kapena kugwedera ndiye kuti mabeyaringi atha. Masulani hub, chitsulo chapakati chomwe tayala limamangidwapo, girisi wamkati akakhala wotuwa ngati mkaka madzi analowamo. Sinthani beyaringi ndi seal yomwe, kalabala kotchinga madzi kuti asalowe mu hub, muike marine grease coz girisi wamba amasukuluka m'madzi.

Chitsulo cha fulemu chigogodeni ndi hamala makamaka kumbuyo komwe kumamira, dzimbiri limadya mkati kunja kukuoneka bhobho. Pamene pakubonyoka pitani kwa owotcherera, kwinako palani ndi burashi ya waya, pakani red oxide, penti woyamba woteteza dzimbiri, kenako penti weniweni pomaliza.

Chinanso, mukafika kunyanja kaya ku Senga Bay kaya ku Cape Maclear musalowetse thirela m'madzi nthawi yomweyo ayi. Gwirani hub, ngati ikutentha dikirani izizire. Yotentha ikamira mpweya wamkati umanyala nkukoka madzi kudzera pa seal, ndiye mabeyaringi atsopano aja sachedwa kuchita dzimbiri.