Poyanika nshawa, musaiwale mphepo

Alimi anzanga a kuno ku Chipata, nshawa siziuma ndi dzuwa lokha ayi. Chinyezi chikatuluka m'makoko chimatsalira mumpweya wokhudzana ndi nshawazo. Mpweyawo ukangoima malo amodzi umakhuta madzi, kuuma n'kuchedwa. Mphepo ndiyo imaukankha n'kubweretsa wouma, ndipo ikamawomba mwamphamvu chinyezi chimachokanso msanga.

Choncho musayanike kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa mpanda wa udzu. Mangani thandala pamtetete kuti mphepo ya mu Juni ija izidutsa pansi ndi pamwamba. Yalani mopyapyala, muzitembenuza masana. Zounjika zimachita chuku, ndipo chukucho chimabala poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Musanalonge m'matumba, tapani zodzaza dzanja mugwedeze: njere zikamalira m'makoko, ndiye kuti zauma.