Momwe mungaonere zinthu zimene anthu aika mumlengalenga muli ku Lilongwe

Mu Januwale 2018 kampani ya Rocket Lab inatumiza mumlengalenga, kuchokera ku New Zealand, mpira wonyezimira wa pafupifupi mita imodzi wotchedwa Humanity Star, n'cholinga chakuti anthu aziuona usiku. Unapsa pogwa mu Malichi chaka chomwecho, akatswiri a zakuthambo atadandaula kale kuti zinthu zotere zimasokoneza ntchito yawo. Mu Disembala 2018 chinthu chaluso cha mmisiri wa ku America Trevor Paglen, chibaluni chonyezimira chotchedwa Orbital Reflector, chinakwera pa roketi ya SpaceX koma sichinatambasuke monga anakonzera, ndipo mu 2019 kampani ya ku Russia ya StartRocket inalengeza maganizo olemba zotsatsa malonda kumwamba pogwiritsa ntchito timasatelayiti tambiri. Ine sindigwirizana ndi malonda otere, chifukwa chikwangwani cha pamsewu munthu amatha kuchipitirira, pomwe cha kuthambo angachione ngakhale amene sanafunsidwe. Dziko la America linaletsa m'chaka cha 2000 kupereka chilolezo chokwezera zotsatsa zooneka ndi maso, koma lamulo limenelo silimanga maiko ena. Kuti mukhale ndi maganizo anuanu pa nkhaniyi, yambani mwaona nokha zimene zilipo kale.

Choyamba sankhani nthawi. Satelayiti ilibe kuwala kwake, imangobweza kuwala kwa dzuwa, choncho imaoneka pamene pansi pada koma kumwambako dzuwa likuwombabe. Zimenezi zimachitika mkati mwa maola awiri dzuwa litalowa, kapena m'bandakucha. Miyezi yabwino kuno ndi ya Meyi mpaka Ogasiti, chifukwa m'dzinja mitambo imachuluka, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimaphimba m'munsi mwa thambo.

Kenako tsegulani tsamba la Heavens-Above pa intaneti, kapena ikani pafoni pulogalamu ya NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, yotchedwa Spot the Station, n'kusankha Lilongwe kuti nthawi igwirizane ndi yathu. Yambirani pa International Space Station, siteshoni yaikulu ya mumlengalenga momwe mumakhala akatswiri ofufuza, imene imayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, chifukwa ndi yowala kwambiri moti simungaiphonye. Pa ndandanda imene ituluke, yang'anani nthawi, mbali imene itulukire, ndi madigiri osonyeza kukwera kwake. Sankhani tsiku limene madigiriwo apitirira 40, chifukwa akachepa imabisika kuseri kwa mitengo ndi mipanda. Poyeza, tambasulani mkono n'kukunga chibakera: kukula kwake ndi madigiri pafupifupi 10, ndiye zibakera zinayi zosanjikiza kuchokera pamene thambo lakumana ndi nthaka zikupatsani 40. Pa Heavens-Above mudzaonanso nambala ya kuwala, imene imasokoneza ambiri popeza ikamachepa m'pamene chinthu chimawala kwambiri, moti -3 imaposa 2 kutalitali.

Za malo musavutike nazo. Siteshoniyi imaoneka ngakhale muli pabwalo la nyumba ku Area 25 kapena ku Kawale, bola muzimitse mababu a panja. Zinthu zosawala kwambiri zimafuna mdima weniweni, monga wa kumbali ya Bunda kapena Nkhoma kumene Mlalang'amba umaoneka bwino, ndipo kumeneko mudikire mphindi 20 osayang'ana foni kuti maso azolowere.

Chovuta ndi kuzindikira chimene mukuona. Ndege zopita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimakhala ndi nyali zofiira ndi zobiriwira, zina zophethira, ndipo zikatsika phokoso limamveka. Nyenyezi yothothoka imatha m'kanthawi kochepa. Satelayiti imayenda mwakachetechete, mosapatuka, kwa mphindi zingapo, ndipo nthawi zambiri imazimirira pakati pa thambo ikalowa mumthunzi wa dziko. Mukaona timiyuni tambiri titandandalika pamzere, amenewo ndi masatelayiti a Starlink amene angokwezedwa kumene, a kampani yomwe inayamba kupereka intaneti m'Malawi mu 2023. Chinthu chokhala ndi magalasi chimene chikutembenuzika, monga analili Humanity Star, chimathwanima n'kuzima mobwerezabwereza, ngakhale kuti zidutswa za maroketi akale zimachitanso chimodzimodzi.

Mukaona chimene simunachiyembekezere, lembani nthawi yake yeniyeni, kumene chachokera ndi kumene chalowera, kenako mufananitse ndi ndandanda ya Heavens-Above ya tsiku limenelo, imene imatchula mayina a zinthu zambiri zowala zimene zadutsa.