Kagwiritsidwe ntchito ka mapiritsi a mtima oika kunsi kwa lilime

Kuno ku Blantyre vuto la ululu wa pachifuwa limakonda kuonekera pa chitunda. Munthu akukwera mtunda wa ku Ndirande kapena ku Bangwe, mwadzidzidzi pachifuwa pamathina ngati amusenzetsa thumba la simenti, ululu nkumatsikira ku mkono wamanzere kapena kukwera ku nsagwada. Madokotala amati angina: mitsempha yodyetsa mtima yachepa, ndiye magazi sakufika mokwanira. Ambiri otere amapatsidwa isosorbide dinitrate, mankhwala amene amatakasula mitsempha kuti mtima usamavutike popopa magazi. Kwa amene mtima wawo wafooka, amawaphatikiza ndi hydralazine.

Ululu ukayamba, khalani pansi kaye. Mankhwalawa amatsitsa BP mofulumira, ndipo woimirira atha kuchita chizungulire nkugwa. Ikani kapiritsi ka 5 mg kunsi kwa lilime kuti kasungunuke kokha. Osameza, osatsitsira madzi. Pakatha mphindi 5 ululu ukadalipo, ikani kena. Kachiwirika kakalepheranso, musadikire kuti kuche, pezani wokuperekezani ku chipatala cha Queen Elizabeth msangamsanga, chifukwa mwina mtsempha watsekeka. Galimoto musayendetse nokha.

Mutu umawawa ndithu masiku oyamba. Ena amasiyira pomwepo poganiza kuti mankhwala sakuwayanja, pamene kwenikweni ndi mitsempha ya m'mutu imene yatakasukanso. Panado amathandiza, ndipo thupi likazolowera mutuwo umachepa.

Amene mumamwa mapiritsi a mankhwalawa a tsiku ndi tsiku, sungani nthawi imene dokotala wakuuzani. Amasiya dala mpata wa maola angapo wopanda mankhwala, kawirikawiri usiku, poti thupi likamalandira mosalekeza limawazolowera ndipo mphamvu yake imazilala.

Tsopano abambo, apa mundimvetsetse, ngakhale ndi nkhani imene timachita nayo manyazi. Mapiritsi owonjezera mphamvu kuchipinda, monga sildenafil amene ambiri timangoti Viagra, sayenera kukumana ndi mankhwala a mtimawa m'thupi limodzi. Onse awiri amatakasula mitsempha, ndiye akaphatikizana BP imagweratu, munthu nkukomoka, mwinanso kumwalira. Ngati mwamwa sildenafil m'maola 24 apitawa, kapena tadalafil, mtundu wina wa mapiritsi omwewa, m'maola 48, ndipo ululu wa pachifuwa wayamba, kapiritsi kaja musaike. Pitani kuchipatala mukanene zoona, adokotala sadzakusekani. Samalaninso ndi timapaketi ndi timabotolo ta m'misika tolembedwa kuti ndi zitsamba, chifukwa tina amathiramo sildenafil mobisa. Mowa nawo, kaya ndi kachasu kaya chibuku, umawonjezera chizungulire.

Amayi kapena mwana wamkulu wa pakhomo adziwe pamene mapiritsi amakhala. Asungeni m'botolo lake lomwelo, lotseka bwino, kutali ndi mbaula ndi dzuwa la pawindo, ndipo potuluka m'nyumba muzilitenga.